Nyali pa Njinga ku Fíngoè

Ku Fíngoè, likulu la boma la Marávia, dzuwa likangolowa, wapanjinga wopanda nyali amasowa mumdima ndi fumbi. Ine ndimati nyali yakumbuyo ndiyo yofunika kwambiri, pakuti galimoto yokudzerani kumsana simuiona. Ikhale yofiira, ndipo muimange kumapeto kwa kaliyala, osati pansi pa chishalo pomwe thumba la chimanga lingaiphimbe. Yoyera ikhale pachiwongolero, yoweramira pansi pang'ono kuti iziwunikira maenje, osati kuthobwa anzanu m'maso. Tochi yomanga ndi lekeni imathandiza, koma pamsewu wokumbika imagwedera, ndiye mangani zolimba. Dayinamo sindiikonda kwenikweni: mukamakwera chitunda pang'onopang'ono imazilala, mukaima imazimiratu. Bola nyali ya batire yotchaja pa sola.