Mwaika injini ya dizilo? Onaninso giyabokosi ndi difu

Mukayenda pa msewu wa N7 kucoka ku Moatize kupita ku Zóbuè, mumakumana ndi magalimoto akale amene akugwirabe nchito. Ena mwa iwo anacotsedwa injini ya petulo n'kuikidwa ya dizilo, cifukwa ya dizilo imamwa mafuta pang'ono. Kapena inunso mwacita zimenezi. Koma nchito sinathe. Patsala zinthu ziwiri: giyabokosi, imene amakaniko ena amaicha caixa, ndi difu.

Injini ziwirizi ndi zosiyana. Ya petulo imazungulira mothamanga. Ya dizilo imazungulira pang'onopang'ono, koma imapotokola mwamphamvu. Mphamvuyo imadutsa m'giyabokosi, kenako pa shafti yaitali ya kunsi, n'kufika pa difu. Difu ndi cimutu cacitsulo cija cili pakati pa mawilo. Ndi imene imagawira mphamvu ku wilo la kumanja ndi la kumanzere.

Tengani citsanzo ca Land Rover Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Anthu ambiri amaiika injini ya 200Tdi, imene inatuluka mu 1989. Injiniyi ndi yamphamvu kuposa ya petulo imene giyabokosi yakale inazolowera. Mukamaponda mafuta mwankhanza, mano a magiya amagweluka, ndipo maekiselo a kumbuyo amathyoka. Taganizani zikucitikirani pa citunda, mwasenza matumba a simenti, Zóbuè akadali kutali!

Vuto laciwiri ndi liwiro. Difu ya Series III ndi ya 4,7. Tanthauzo lake ndi ili: shafti imazungulira pafupifupi kasanu kuti mawilo azungulire kamodzi. Ndiye pa msewu wa phula injini ya dizilo imalira kwambiri, koma galimoto sithamanga. Mafuta amene mumafuna kupulumutsa amangopsa.

N'cifukwa cake ena amaika difu ya 3,54 yocokera mu Range Rover yakale. Ndi difu iyi injini imapuma. Pamene imazungulira kanayi, tsopano imazungulira katatu pa liwiro lomwelo. Koma pali cimene mumataya: galimoto imalemera ponyamuka ndi pokwera. Msewu wa ku Zóbuè umacoka ku cigwa ca Zambeze n'kukwera mapiri. Ngati mumasenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku, ganizani kawiri musanasinthe.

Mungadziwe bwanji difu imene muli nayo? N'zosavuta. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, muike miyala ku mawilo ena. Cotsani giya ndi buleki ya pamanja. Kwezani wilo limodzi la kumbuyo ndi jeke. Lembani cizindikiro ndi coko pa tayala ndi pa shafti. Zunguzani wilolo kawiri, mnzanu akuwerenga shafti ali pambali. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke. Shafti ikazungulira katatu ndi theka, difu ndi ya 3,54. Ikayandikira kasanu, ndi ya 4,7.

Mukapita kwa makaniko, kumbukirani izi. Galimoto yokoka mawilo onse anayi ili ndi madifu awiri. Onse akhale a nambala imodzi, apo ayi cina cidzathyoka. Mufunseni ngati giyabokosi ndi klachi zingapirire injini yatsopano. Thirani oilo wa magiya, osati wa injini, pokhapokha buku la giyabokosiyo litanena zina. Dziwaninso kuti mukasintha difu, wochi ya liwiro imanama: imaonetsa pang'ono pamene mukuthamanga kwambiri. Ndipo mabuleki ndi akale omwe aja. Akonzeni bwino, cifukwa pobwerera ku Moatize mudzakhala mukutsika.

Comaliza ndi mapepala. Livrete ya galimoto imanena za injini ndi mafuta ake. Mukasintha injini, pitani ku INATRO kuti akakonze zolembedwazo musanakumane ndi apolisi pa msewu kapena pa malire.