Bwanji Timalira Maliro a Munthu Wosamudziwa?

Pa tchuthi chapitachi ndinaima pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, kudikira galimoto yopita ku Mzimba boma. Posakhalitsa panafika minibasi yokoka ngolo, ndipo m'ngolomo munali bokosi la maliro. Thupilo linali lochokera ku Johannesburg, kumene anyamata ambiri a kwathu kuno amapita kukafuna maganyu. Amayi amene ankadikira pamthunzi atangoona bokosilo anayamba kulira mokweza, wina mpaka kugwa pansi. Malemuyo sindinkawadziwa, ngakhale mudzi wawo sindinaufunse. Komabe ndinamva chinthu chikundigwira pakhosi, maso n'kudzaza misozi. Nditacheuka ndinaona mayi wogulitsa tomato naye akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

M'galimoto ndinadzifunsa kuti: kodi chisoni chimenechi chalowera pati? Palibe amene anandiuza kuti ndilire. Zimene ndapeza powerenga ndi pofunsa ndizo ndikufuna kugawana nanu, owerenga anzanga.

Nkhope imatengera nkhope

Akatswiri a maganizo a munthu amati chimwemwe, chisoni, mantha ndi mkwiyo n'zopatsirana, ngakhale zilibe kachilombo. Mu 1994 akatswiri atatu a ku America, Elaine Hatfield, John Cacioppo ndi Richard Rapson, anatulutsa buku lofotokoza m'mene zimenezi zimachitikira. Iwo anatchula masitepe atatu. Poyamba, tikaona nkhope ya munthu kapena kumva mawu ake, thupi lathu limayamba kumutsanzira ife osadziwa. Kachiwiri, ubongo umalandira uthenga kuchokera ku nkhope yathu yomweyo, ku kapumidwe kathu ndi kaimidwe kathu. Kachitatu, mtima umayamba kumva pang'ono chimene mnzathuyo akumva.

Ku Sweden, Ulf Dimberg ndi anzake anayesa sitepe yoyambayo. M'kafukufuku amene anatuluka mu 2000, anamata timawaya pankhope za anthu kuti ayeze kugwedezeka kwa minofu. Kenaka anawaonetsa zithunzi za nkhope zosekerera ndi zokwiya kwa kanthawi kochepa zedi, magawo 30 okha mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi, kotero kuti anthuwo sanazindikire n'komwe kuti aona chiyani. Chodabwitsa n'chakuti minofu ya m'masaya inagwedezeka kwambiri pa nkhope yosekerera, pamene ya pansidze inakwinyika kwambiri pa nkhope yokwiya. Thupi linayankha nzeru zisanadzuke.

Ife tomwe timaziona. Mmodzi akayasamula pa nthawi yowerenga usiku, ena atatu amatsatira. Wina akayamba kuseka m'tchalitchi, woyandikana naye amavutika kudzigwira ngakhale sakudziwa choseketsacho.

Zimayamba tili makanda

Khalidwe limeneli sitiliphunzira kusukulu. Mu 1971 Marvin Simner anapeza kuti makanda a masiku ochepa amalira kwambiri akamva khanda linzawo likulira kusiyana ndi pamene amva phokoso lina lofanana mphamvu. Amayi amene anagonapo kuchipatala cha amayi oyembekezera akhoza kuchitira umboni.

Mu 1985 James Sorce ndi anzake anachita kafukufuku wina pa ana a chaka chimodzi. Anaika mwana pa tebulo la galasi lolimba limene pakati pake linkaoneka ngati dzenje, mayi ake ataima tsidya lina ndi chidole. Mwana akafika pa "dzenje" lija ankaima n'kuyang'ana mayi ake. Pa ana 17 amene amayi awo anaonetsa nkhope ya mantha, palibe ngakhale mmodzi amene anawoloka. Pa ana 19 amene amayi awo anasekerera, 14 anawoloka. Dzenje linali lomwelo. Chimene chinasintha ndi nkhope ya mayi basi.

Makolo, kodi simunaonepo mwana atagwa pabwalo n'kuyamba wayang'ana kwa inu asanalire? Mukakuwa, iye amalira koopsa. Mukamuuza modekha kuti adzuke, kawirikawiri amasasa fumbi n'kupitiriza masewera. Mwanayo amafunsa nkhope yanu kuti adziwe kukula kwa ululu wake.

Makolo athu ankazidziwa

Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, analibe timawaya ta ku Sweden, koma nkhaniyi ankaidziwa bwino. Aliyense amene anaonerapo ingoma pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora adziwa chimene ndikunena. Amuna ambirimbiri amaponda pansi nthawi imodzi, zishango zili m'manja, amayi akuomba m'manja ndi kululutira. Ngakhale woonerera wamanyazi amapezeka akugwedeza phazi, chifuwa chitatukuka. Kale magule otere ankamanga asilikali kukhala mtima umodzi, wamantha n'kubwereka kulimba mtima kwa anzake.

Buku Loyera nalo silinabise. Pa Deuteronomo 20:8 pali lamulo lakuti msilikali wamantha abwezedwe kwawo nkhondo isanayambe, kuopa kuti angafooketse anzake. Pa Numeri 13 ndi 14, azondi 12 anatumidwa ku Kanani. 10 anabwerako ndi mantha, ndipo usiku womwewo khamu lonse la Aisraele linalira, osafunanso kumva za Yoswa ndi Kalebe. Anthu amene sanaone Kanani ndi maso anagwidwa ndi mantha a anthu 10. Akulu athu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Koma kupatsirana kumeneku si temberero lokha ayi. Pa Yohane 11 timawerenga kuti Ambuye Yezu ataona Maria, mlongo wa Lazaro, akulira pamodzi ndi anthu odzamupepesa, anavutika mu mtima ndipo nawonso analira, chonsecho ankadziwa kuti amuukitsa Lazaro. Paulo Woyera, pa Aroma 12:15, akutilangiza kugawana ndi anzathu chimwemwe ndi misozi yomwe. Nchifukwa chake kwathu amati maliro n'kulirana. Anamfedwa akaona mudzi wonse ndi a mphakati akuchezera nawo usiku, katundu amapepuka. Munthu wosakhudzidwa ndi nkhope ya mnzake sangakhale ndi chifundo.

Pamene zafika poipa

Pa 30 Januwale 1962, pa sukulu ya atsikana yogonera konko ku Kashasha, pafupi ndi Bukoba m'dziko la Tanganyika, atsikana atatu anayamba kuseka osalekeza. Sikunali kuseka kwa chimwemwe, pakuti kunkasakanikirana ndi kulira ndi mantha. Pa ophunzira 159, okwana 95 anagwidwa, ndipo sukuluyo inatsekedwa mu Malichi. Ophunzira atabwerera kwawo, vutolo linafalikira m'midzi ndi m'masukulu ena. Madokotala sanapeze kachilombo kapena chiphe. Ambiri amakhulupirira kuti gwero lake linali nkhawa za ana okhala pamodzi usana ndi usiku. Ife a m'seminale, amene timadya, kugona ndi kupemphera malo amodzi, nkhaniyi itiphunzitse kanthu.

Kuno kwathu, mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'deralo. Palibe namapopa amene anapezeka. Chimene chinkayenda mudzi ndi mudzi chinali mantha a m'maso mwa anthu.

Ndisaloze ena chala ndekha n'kudzipatula. Tsiku lina ndili pa msika wa Mzimba boma ndinamva mfuu yakuti "Munkhungu! Munkhungu!" ndiye kuti wakuba. Anthu anathamanga nkhope zili gwaa, ine n'kupezeka ndili pakati pawo, ndikukuwa nawo, mtima ukugunda ngati ng'oma. Mnyamata amene anagwidwayo anali wa msinkhu wanga, ndipo anali atalandira kale makofi. Pamenepo bambo wina wachikulire anaima patsogolo pake, nafunsa ndi mawu otsika kuti, "Wabedwa ndani? Chabedwa n'chiyani?" Panalibe woyankha. Anthu anayamba kuyang'anizana, manja n'kutsika. Ngati mnyamatayo anabadi kapena ayi, ine sindinaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkwiyo umene ndinali nawo sunali wanga. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi. Koma ndinaonanso kuti kudekha kwa munthu mmodzi kunapatsirana monga mmene mkwiyo unachitira.

Masiku ano sipafunikanso kuonana maso ndi maso. Mu Januwale 2012 a Facebook anasintha mauthenga amene anthu 689,003 ankaona kwa sabata imodzi. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2014, zinaonetsa kuti amene anachepetsedwera mauthenga osangalatsa analemba mawu odandaula ochulukirapo pang'ono. Kusinthako kunali kochepa, koma tangoganizani za mauthenga a pa foni amene amayenda tsiku lililonse pakati pa Joni ndi Embangweni, Edingeni kapena Luwerezi.

Sitili ngati masamba ouluzika ndi mphepo

Wina angafunse: ndiye kuti tilibe ufulu? Iyayi. Timu imene tikupikisana nayo ikagoletsa chigoli, osewera ake amasekerera, koma ife sitisekerera nawo. Izi zikusonyeza kuti nzeru zimalowererapo: zimafunsa kuti munthuyu ndani kwa ine, ndipo nkhope yake ikutanthauzanji. Timatengera kwambiri anthu amene timawakonda ndiponso amene tikuwayang'ana kuti atitsogolere, monga makolo, aphunzitsi, mapulifekiti ndi ansembe.

Tsono tingachite zitatu. Choyamba, mtima ukasintha mwadzidzidzi tidzifunse kuti: kodi mkwiyo kapena manthawa ndi anga, kapena ndabwereka? Pa mayeso, ambiri amanjenjemera osati chifukwa sanawerenge, koma chifukwa aima pafupi ndi wonjenjemera. Chachiwiri, tisathamange ndi gulu tisanapume ndi kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachitatu, tikumbuke kuti ifenso tikufalitsa kanthu. Nkhope imene ndimalowa nayo m'chipinda chodyera m'mawa, anzanga a patebulo amadya nayo phala.

Apa sindikunena kuti tizivala kumwetulira konyenga. Anthu amazindikira msanga mano opanda mtima. Wovutika apite kwa bambo mlangizi wa zauzimu kapena kwa mnzake wodalirika akatule nkhawa zake, m'malo mozimwaza mwakachetechete m'chipinda chogona.

Kwa ife amene tikulingalira za unsembe, nkhaniyi ndi yaikulu. Tsiku lina, Mulungu akalola, ena a ife tidzaima pamanda a mnyamata wobwera m'bokosi kuchokera ku Joni, maso onse ali pa ife monga mwana uja pa tebulo la galasi. Tidzayenera kulola chisoni cha anamfedwa kutilowa, apo ayi tidzakhala ngati miyala. Komanso tidzayenera kukhala ndi mtendere wokwanira woti iwo atapeko. Luso limeneli silidzabwera pa tsiku lodzozedwa. Tiyambe kuliphunzira lero, m'kalasi, pabwalo la mpira ndi kumudzi pa tchuthi.