Mchenga ndi njerwa za ku Chiwamba m'malipoti a makampani a nyumba

Malole amene amanyamuka m'mamawa ku Chiwamba, ku Nsaru kapena ku Mpingu atasenza mchenga, njerwa ndi nkhuni salembedwa dzina la mwini nyumba imene katunduyo akukamangira. Wogula ndi kontirakitala, okumba ndi anyamata aganyu, ndipo dzenje limatsalira mudzi. Pali chikalata chimodzi chimene chimayenera kulumikiza dzenjelo ndi nyumba yosanja ya mumzinda wa Lilongwe: lipoti limene kampani imafotokozamo momwe ntchito zake zakhudzira chilengedwe ndi anthu m'chaka chonse.

Kuyambira kale, makampani amalengeza za ndalama: zolowa, zotuluka, phindu ndi ngongole. Makampani a nyumba amene ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, monga MPICO, mwini wa Gateway Mall ku Lilongwe, ndi ICON Properties, amapereka lipoti lotere kwa eni masheya chaka ndi chaka. Koma mabanki ndi eni ndalama m'maiko ambiri tsopano akufunsanso za madzi, magetsi, zinyalala, chitetezo cha antchito ndi kochokera zipangizo zomangira. Mu June 2023 bungwe la ISSB lidatulutsa miyezo iwiri, IFRS S1 ndi IFRS S2, yothandiza makampani kufotokoza nkhanizi mofanana. Wachiwiriwo ndi wa kusintha kwa nyengo.

Kwa mlimi, tsamba lofunika ndi lonena za zipangizo. Uvuni wa njerwa umadya nkhuni usiku ndi usana kwa masiku angapo, ndipo nkhuni zimene ootcha amazikonda ndi za mitengo yachilengedwe, yomwe imatenga zaka zambiri kuti ikule. N'chifukwa chake mu 2018 padakhazikitsidwa malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda. M'malo mwake pamafunika mabuloko a simenti kapena njerwa zothinidwa ndi makina. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, idafika poti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukaiteteza.

Mabuloko nawonso ali ndi vuto lake, pakuti amafuna mchenga wambiri. Mchenga ukakumbidwa mosasamala, gombe la mtsinje limagumuka, dimba limapita ndi madzi, ndipo chitsime cha m'dambo chimauma mwezi wa October usanafike. Kampani imene yalemba kuti idasiya njerwa zootcha koma osatchula kumene imagula mchenga yangosamutsa chiwonongeko kuchoka kunkhalango kupita kumtsinje. Lipoti labwino limatchula malo, kuchuluka kwa katundu, ndi ngati wogulitsayo ali ndi chilolezo.

Malipoti ambiri amakonda zithunzi za akuluakulu a kampani akubzala mitengo m'nyengo ya dzinja. Kubzala n'kwabwino ndithu, koma nambala yofunika ndi ya mitengo imene yapulumuka chilimwe, mbuzi ndi moto wolusa. Nambala imeneyo oidziwa ndi eni mudzi.

Lipoti la chaka lisasokonezedwe ndi kauniuni amene amachitika ntchito isanayambe. Lamulo la kasamalidwe ka chilengedwe la 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA, likuti ntchito zikuluzikulu zimene zili pa mndandanda wa boma ziyambe zaunikidwa momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo afunsidwe maganizo. Kauniuniyu ndi lonjezo: maenje adzakwiriridwa, fumbi lidzathiridwa madzi, osamutsidwa adzalandira chipukuta misozi. Lipoti la chaka limalembedwa ndi kampani yokha, choncho phindu lake limaoneka likaikidwa pambali pa malonjezo aja.

Mzinda ukukula, ndipo ogula malo oti adulemo mapuloti akufika m'midzi yozungulira. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidakhazikitsa komiti ya malo yotsogoleredwa ndi gulupu, ya anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo amayi osachepera atatu. Kampani ikalemba kuti idakambirana ndi anthu, ndi bwino kufunsa ngati komitiyi idalipo, tsiku lake, ndi amene adasaina.

Aliyense wofuna kuona zikalata za kauniuni wa ntchito ya m'dera lake atha kufunsa ku ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma la Lilongwe kapena ku MEPA. Lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo pempho lolembedwa ndilo losavuta kulondola. Popita, ndi bwino kutenga masiku amene malole adabwera, nambala zake ndi zithunzi za malo okumbidwawo.