Boti limaonongekera pamtunda: samalani msana ndi ngolo

Mwera ukayamba kuwomba pa nyanja ya Malawi, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, eni maboti ambiri a ku Nkhotakota, Senga Bay ndi Likoma amavuulira maboti awo pamtunda kuopa mafunde. Ena amawakweza pa ngolo yokokedwa ndi galimoto n'kupita nawo kudoko lina kumene usipa ukuphedwa. Nthawi yovuulayi ndi imene boti, kaya la tanga kapena la injini, limavulala msanga, ndipo ogula nsomba amene anapereka kale ndalama kwa asodzi amaluza nawo.

Boti likakhala m'madzi, madziwo amalinyamula mbali zonse. Likatuluka, kulemera konse kumatsamira pa msana wake, mtengo wautali wa pansi umene nthiti za boti zimalumikizidwako. Msanawo ukagunda mwala kapena ukatsamira pa chitsulo chimodzi cha ngolo, umang'aluka. Misomali imasukusa, thonje ndi phula zomatira matabwa zimachoka, boti n'kuyamba kulowa madzi.

Choyamba ndi kupepukitsa boti. Injini, maukonde onyowa, nangula ndi mtengo wa tanga zitsitsidwe, ndipo madzi a m'kati akapidwe onse. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa 10 za malita 20 ndi makilogalamu 200, ngati matumba anayi a chimanga.

Pamchenga, boti likokedwe pa zipika zobulungira, osati kulikhukhuza pansi. Pa ngolo, msana ugone pakati penipeni, pa thabwa lalitali kapena matayala akutha, ndipo mitengo ya m'mbali ikhale yongoliletsa kupendekeka. Boti likalowa mokhota, ndi bwino kulibwezera m'madzi n'kuyambiranso. Kulikoka mokakamiza ndi galimoto kumapinda chitsulo cha ngolo kapena kuzula ngowe ya kutsogolo kwa boti. Chingwe chikakungika pasaime munthu pafupi, chifukwa chikaduka chimavulaza.

Ngolo nayo imaonongeka mobisika. Mawilo akamira, madzi ndi mchenga zimalowa m'maberingi n'kuononga girizi. Atayenda makilomita ochepa, woyendetsa aime n'kukhudza pakati pa wilo. Pakatentha kwambiri, maberingiwo akufunika girizi watsopano kapena kusinthidwa.

Nkhani ya ndalama ikambidwe chingwe chisanamangidwe. Mwini boti ndi mwini ngolo ayendere limodzi msana ndi ngoloyo, ajambule zithunzi pa foni, ndipo agwirizane pamaso pa mboni, monga wa komiti ya pagombe, za amene adzalipire china chikathyoka. Wogula nsomba amene akufuna kupereka ndalama pasadakhale afunse kaye ngati mmisiri anaona pansi pa botilo litavuulidwa. Boti likakhala sabata ziwiri likukonzedwa, benchi lake kumsika limakhalanso sabata ziwiri lopanda nsomba.