Lilongwe ndi Dzalanyama: Mzinda Umene Ukuotcha Chitsime Chake

Pa kalembera wa 1966 m'Lilongwe munali anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litachoka ku Zomba mu 1975, chiŵerengero chinakwera msanga: mu 1977 anali pafupifupi 99,000, ndipo mu 2018 anangotsala pang'ono kukwana miliyoni. Munthu amene anabadwa malowo ali kaboma ka alimi a fodya wakalambira mu mzinda umene sadziŵa polekezera pake.

Sitifuna kunyoza kukula kotere, monga achitira ena amene amatamanda moyo wa kumudzi iwo eni ali phee m'tauni. Anthu akakhala pamodzi, mpope umodzi umathandiza mabanja ambiri, chipatala ndi sukulu zimayandikira, ndipo mnyamata amene munda wa makolo unamchepera amapezako ganyu. Komabe tiyenera kufunsa: kodi khamu lonseli limamwa kuti, nanga limaphikira chiyani? Mafunso onse aŵiriŵa akutilozera ku phiri limodzi.

Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, ndipo madzi ake amasungidwa m'madamu aŵiri a Kamuzu ku Malingunde asanafike m'mipope ya mzinda. Mvula ikagwa pamene pali mitengo, mizu ndi masamba ogwa zimaletsa madzi kuthamanga, ndipo amaloŵa pansi, natuluka pang'onopang'ono m'akasupe kufikira m'chilimwe. Pamene mitengo yatha, madzi omwewo amatsika tsiku limodzi, atanyamula dothi limene limakakwirira damu. M'Okotobala mtsinje umangotsala kamkwasa. Tsono makala ambiri amene amayaka m'mbaula za ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 25 amachokera m'nkhalango yomweyo. Amene anayendapo mbandakucha pa miseu yoloŵa mu mzinda anaziona njinga zija, matumba atasanjikizana kupitirira mutu wa mwini wake. Banja likagula thumba la makala, limakhala likuchepetsa madzi a mumtsuko mwake, ngakhale silidziŵa.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Sitikana kuti chinali chofunika, koma msilikali angathe kupirikitsa wootcha makala, osati kuzimitsa mbaula. Wootchayo ndi mmphaŵi wofuna ndalama ya feteleza, ndipo wogula ndi mai amene alibe magetsi, kapena ali nao koma amazimazima, pamene gasi ndi wodula. Kunena zoona, ngakhale m'nyumba zathu zomwe thumba lija silisoŵa kuseri kwa khitchini. Chitukuko chokhalitsa, chimene sichilanda ana a maŵa kuti chidyetse a lero, chidzayamba pamene mai ameneyu adzapeza chophikira china chimene thumba lake lingakwanitse.

Njira ina imene atsogoleri anaisankha ndiyo yokoka madzi ku Nyanja ya Malaŵi kudzera ku Salima, mtunda woposa makilomita 100. Mzinda wa anthu ochuluka chotere ufunikadi gwero lachiŵiri. Koma Lilongwe ali pamtunda, mamita oposa 500 pamwamba pa nyanja ija, ndipo madzi sakwera phiri okha: adzafuna makina ndi magetsi usana ndi usiku. Mtengo wake udzagwera aliyense, makamaka wa ku Mtandire ndi ku Mgona amene amagula madzi ndi chidebe. Dzalanyama amawatsitsa ulere.