CHIFUKWA CHAKE ZILEMBO ZINA ZIMAKANA KUSINTHA

Anzanga, ambiri a ife amene tayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta timalembera mu Notepad++. Pulogalamu imeneyi anaipanga Don Ho, ndipo inatuluka m'chaka cha 2003. Ubwino wake ngwakuti imapaka mau utoto. Mukamalemba Python, mau olamula monga if ndi while amaoneka abuluu, manambala amaoneka ofiira, ndipo ndemanga zimene wolemba wadzisiyira yekha zimakhala zobiriwira. Utotowu suli wongokometsera ayi. Mu HTML, mukaiwala kutseka ndemanga, mizere yonse ya m'munsi imasanduka yobiriwira, ndipo diso limaona msanga pamene palakwika.

Tsono vuto limabwera munthu akafuna kusintha maonekedwe amenewa. Wina ali ndi maso ofooka, afuna zilembo zikuluzikulu. Wina kuyera kwa galasi kumamthobwa m'maso pophunzira usiku, afuna kuti kumbuyo kwa mau kukhale kwakuda. Amapita pa Settings, natsegula Style Configurator, nasintha. Pobwerera apeza mau ena asintha, koma ena ali momwemo, ndipo amayamba kunena kuti kompyuta yafa. Ine ndikuti siinafe. Ikungotsata lamulo lake la cholowa, limene ndifuna kulifotokoza pano.

Tonse tidziwa kuti mwana amene alibe nkhokwe yake amadya za m'nkhokwe ya makolo ake. Makolo akakolola mapira, iyenso adya mapira. Koma tsiku limene amanga nkhokwe yakeyake, za makolo sizimkhudzanso. Mu Notepad++ kholo ndi Default Style, imene iri pansi pa Global Styles. Pamenepo mpamene palembedwa kaumbidwe ka zilembo, kamene timati font, pamodzi ndi kukula kwake. Pulogalamu ikangoikidwa kumene, font yake imakhala Courier New ya saizi 10. Ana ndiwo magulu a mau a m'chinenero chirichonse: gulu la ndemanga, gulu la manambala, gulu la mau olamula, ndi ena otere. Gulu lirilonse liri ndi kabokosi kake ka font ndi ka saizi. Kabokosiko kakakhala kopanda kanthu, gululo limatenga za kholo. Koma wina akangolembamo kanthu, gululo lamanga nkhokwe yake.

Mkati mwa Notepad++ muli chigawo chotchedwa Scintilla, chimene Neil Hodgson anatulutsa mu 1999, ndipo ndicho chimajambula zilembo pa galasi. Nchito imayenda motere: poyamba magulu onse amapatsidwa za Default Style, kenaka gulu lirilonse limene liri ndi zakezake limafafaniza zija linalandira. Nchifukwa chake mukakweza saizi ya kholo kufika pa 16, ndemanga zokha zikhoza kutsala zazing'ono, ngati munthu wina anazilembera kale saizi 10. Mankhwala ake ngosavuta. Sankhani chinenerocho, sankhani gulu lokanalo, ndipo m'kabokosi ka saizi musankhe mzere wopanda kanthu umene uli pamwamba penipeni. Mwana wabwerera kwa makolo.

Za utoto nzovutirapo pang'ono. M'maonekedwe oyamba aja, pafupifupi gulu lirilonse linapatsidwa kale utoto wake wa zilembo ndiponso utoto woyera wa kumbuyo. Kotero mukadetsa kumbuyo kwa Default Style kokha, galasi lidzada, koma mau ambiri adzakhala pa tizigamba toyera, ngati malaya osokerera.

Mwina wina adzafunsa kuti, "Nanga palibe njira yolamulira magulu onse nthawi imodzi?" Iripo, dzina lake Global override. Imeneyi iri ngati mau a Ahedi pa asembule: akalankhula, malamulo a m'makalasi onse amakhala pambali. Mukaichonga kuti igwire nchito pa utoto wa kumbuyo, tizigamba tija timatha. Komatu chenjerani. Mukaichonganso pa utoto wa zilembo, mau onse adzakhala a utoto umodzi, ndipo phindu lija la kuona cholakwa msanga lidzatayika. Choipa china nchakuti ikaiwalika iri yochonga, wobwera pambuyo adzasintha Default Style mpaka kutopa osaona kanthu.

Amene afuna galasi lakuda achita bwino kusankha maonekedwe okonzeratu, otchedwa theme, monga Zenburn, Obsidian kapena Monokai, amene amabwera pamodzi ndi pulogalamuyi. Mmenemo utoto wa magulu onse unalinganizidwa kale. Kumbukirani kuti theme iriyonse iri ndi fayilo yake. Maonekedwe oyamba aja amasungidwa mu stylers.xml. Zimene mwasintha mu theme imodzi sizikutsatani mukasamukira ku ina, pakuti limenelo ndi banja lina la nkhokwe zake.

Lamulo lomweli mudzalipeza mu Visual Studio Code, imene Microsoft inatulutsa mu 2015. Kumeneko zimene munthu wadzisankhira zimagonja kwa zimene zalembedwa m'foda ya nchito imene watsegula, ndipo zolembedwera chinenero chimodzi zimapambana zolembedwera zinenero zonse.

Pomaliza ndipempha chinthu chimodzi. Makompyuta a pa sukulu ngochepa, ndipo timalandizana. Ngati mufuna zilembo zazikulu kwa kanthawi, gwirani batani la Ctrl ndi kuzunguza kagudumu ka mausi. Zonse zidzakula pamodzi osakhudza nkhokwe ya wina aliyense. Ngati mufunadi kusintha, yambani ndi kholo, musinthe chinthu chimodzi, muone chachitika, kenaka mupite pa china. Gulu likakana, funsani mafunso atatu: kodi liri ndi zakezake? Kodi Global override njochonga? Kodi ndiri mu theme iti? Mnzathu wa maso ofooka sayenera kutaya theka la phunziro akulimbana ndi zimene ife tinasiya osabwezera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kabokosi kamene kakusautsani kadzaoneka mukafufuza modekha.