Owerenga mapazi a alendo pa intaneti

Mwini golosale amadzionera yekha amene walowa, chimene wagwira, ndi amene watuluka chimanjamanja. Mwini webusayiti alibe mwayi umenewu. N'chifukwa chake pali anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga alendo: abwera angati, achokera kuti, atsegula masamba ati, athawira pati. Mudzawapeza m'mabanki, m'nyumba zofalitsa nkhani, m'masitolo a pa intaneti ndi m'makampani otsatsa malonda. Ena salembedwa paliponse, amangoyendera maganyu.

Ntchitoyi inayamba m'zaka za m'ma 1990, anthu akufukula m'mafayilo momwe seva imalemba aliyense wotsegula tsamba. Kampani ya Urchin ya ku San Diego inali ndi pulogalamu yosanja zimenezi, ndipo Google itaigula mu 2005 inaitulutsa mwaulere pa dzina la Google Analytics. Mu 2009 Adobe nayo inagula Omniture pa mtengo wa madola 1.8 biliyoni, ndipo chida chake, poti n'chodula, amachikwanitsa ndi makampani akuluakulu. Amene safuna kusungitsa ziwerengero zawo kwa wina amathamangira ku Matomo, yomwe inayamba mu 2007 ikutchedwa Piwik, chifukwa amatha kuiika pa seva yawoyawo. Hotjar ndi Microsoft Clarity zimaonetsa pamene anthu akudina ndi pamene alekezera kuwerenga.

Koma zida pazokha siziyankha funso. Tiyerekeze kuti sitolo ina malonda atsika, abwana akuti aonjezere ndalama zotsatsira. Katswiri wowerenga alendo akayang'ana, apeza kuti alendo sanachepe. Ndiye amawalondola phazi ndi phazi: tsamba la katundu, dengu, tsamba lolipirira. Akapatula a pa foni ndi a pa kompyuta, aona kuti a pa foni okha ndiwo akubwerera pa tsamba lomaliza. Akatsegula zimene Clarity yajambula, nachi chala chikudina malo amodzimodzi kambirimbiri, osachitika kanthu. Batani lolipirira laphimbika ndi uthenga wopempha chilolezo cha ma cookie, timafayilo tothandiza webusayiti kuzindikira mlendo. Kwa abwana sapita ndi chimulu cha manambala, amangoti: "Musaononge ndalama, tikonze batani."

Chovuta n'chakuti manambalawo amabisa zambiri. Munthu akatsegula linki imene mnzake wamutumizira pa WhatsApp, nthawi zambiri chida chimamuika m'gulu la obwera okha osatumidwa. Alexis Madrigal, polemba mu magazini ya The Atlantic mu 2012, anatcha alendo oterewa dark social. Kwathu kuno, kumene nkhani zimayenda m'magulu a WhatsApp a mpingo, a banja ndi a kuntchito, wokhulupirira gulu la obwera okha lija osalifufuza asokeretsa abwana ake. Odziwa ntchito amalumikiza timawu ta UTM kumapeto kwa linki asanaigawe, kuti mlendo afike atanyamula chizindikiro cha kumene wachokera. Palinso maroboti oyendayenda pa intaneti amene amakweza chiwerengero popanda munthu ngakhale mmodzi wogula.

Zaka zapitazi zawatayitsa tulo anthuwa. Mu 2017 Apple inayamba kuchepetsa mphamvu za ma cookie mu Safari, pulogalamu yake yotsegulira mawebusayiti. Mu 2018 lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR linayamba kugwira ntchito ku Ulaya, ndipo mlendo wokana kulondoledwa amasowa m'kaundula. Mu 2022 mabungwe oteteza zinsinsi za anthu ku Austria, France ndi Italy anagamula kuti mawebusayiti ena analakwira lamuloli potumiza ziwerengero ku America kudzera mu Google Analytics. Pa 1 July 2023 Google inatseka Universal Analytics, mtundu wakale wa Google Analytics, kwa oigwiritsa ntchito mwaulere, aliyense n'kusamukira ku mtundu watsopano wa GA4, yomwe imawerenga chochita chilichonse pachokha, kaya kudina, kuonera kanema kapena kugula. Akatswiri okhwima kale anabwereranso m'kalasi. Kuyambira 2024 Google imaikanso yankho lolembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira, moti wofufuza atha kukhutira osalowa webusayiti iliyonse.

Wofuna kulowa ntchitoyi masiku ano aphunzire Excel, SQL ndi Google Tag Manager. Koma amene makampani amamulimbirana ndi uyo wotha kuuza abwana mosapsatira kuti nambala iyi tiikhulupirire, iyi yasiya anthu ambiri panja, ndipo pa zimene tikuzionazi, choyenera kukonza sabata ino ndi ichi.